Bolopeni Yofiira ndi Mulu wa Makope

Sabata yoyamba ya Fomu 1 sinditsekula buku la galamala. Ndimauza ana kuti athothole pepala pakati pa kope, alembe dzina pamwamba, kenako andifotokozere momwe ayendera m'mawa umenewo kuchokera kunyumba mpaka kufika pasukulu. Theka la tsamba basi. Sindiwalembera chiyambi pabolodi, ndipo ndimawauziratu kuti malikisi palibe. Mapepalawo ndimakawerenga madzulo a tsiku lomwelo. Silabasi imanena komwe tiyenera kukafika pakutha pa chaka, koma pomwe anawo aima lero ndimapadziwira m'mapepala amenewa.

Ndimaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi pasekondale yoyendera, zija timangoti CDSS. Ana onse omwe ndimalandira adabadwa maphunziro aulere a kupulayimale, omwe adayamba mu 1994, atazika kale mizu. Adakulira m'makalasi odzaza, momwe mphunzitsi mmodzi, ngakhale akhale wakhama chotani, sangathe kuwerenga zonse zomwe mwana aliyense walemba. Amafika atakhoza mayeso a Sitandade 8, akudziwa kukopera manotsi mwaukhondo ndi kudula mizere ndi lula. Koma ambiri sadalembepo tsamba la maganizo awoawo munthu wamkulu n'kuliwerenga mpaka kumapeto.

Chomwe chimandilandira chaka ndi chaka ndi tsamba lopanda mpumiro. Mwana amayamba bwinobwino kuti adadzuka m'mamawa ndiye adasesa ndiye adasamba kenako adapeza mnzake pamjigo ndiye adayamba kuyenda, mpaka mzere womaliza osaima paliponse. Kumuuza kuti chiganizo chimayamba ndi lembo lalikulu n'kutha ndi mpumiro n'kungotaya choko. Lamulo limenelo adaloweza kalekale ndipo akhoza kukulakatulira ali m'tulo. Chomwe chimamusokoneza n'chakuti chiganizocho chimathera pati. Ndiye ndimamuimiritsa kuti awerenge mokweza zomwe walemba, koma pangano lake n'lakuti apume pokhapo pomwe waika mpumiro. Pofika mzere wachinayi mpweya umakhala wamuthera, anzake akufa ndi phwete, iye mwini akuseka nawo. Akatero ndimamuuza kuti awerengenso monga momwe angasimbire mnzake panjira, ndipo woyandikana naye amagwira pensulo n'kumaika kadontho paliponse pomwe mawu atsika. Timadontho tambiri timagwera pamalo pake penipeni. Khutu la mwanayo linkadziwa kale malire a chiganizo, dzanja lokha ndilo linali lisanauzidwe. Ntchito yanga yambiri yagona pamenepo, kusamutsa zomwe zili kale m'kamwa ndi m'khutu kuti zifike papepala.

Taonani nkhani ya magulu a mayina. Mwana wokulira m'Chichewa sanganene kuti “chimanga yapsa” kapena “dengu chagwa.” Amagwirizanitsa mawu molondola asanamve n'komwe za Chi-Zi, Li-Ma kapena Mu-Mi. Choncho mayina a magulu sindiyamba nawo. Ndimalemba pabolodi kuti “Mwana wanga wamng'ono uja wagwa,” kenako ndimafufuta mawu oyamba okha n'kuikapo “Kamwana.” Kalasi yonse imakonza yokha zotsalazo mofuula: kanga, kakang'ono, kaja, kagwa. Ndikaikapo “Chimwana” kumakhala chiphokoso, chifukwa aliyense amadziwa chimwana china cha m'kalasi momwemo. Tikasintha kangapo, ndi “Tiana” yemwe, ndimafunsa kuti n'chiyani chikusintha ndipo chikutsata chiyani. Akachiloza okha m'pamene ndimawapatsa dzina lake, kuti amenewa ndi agwirizanitsi.

Vuto lenileni limatulukira m'ziganizo zitalizitali, momwe mwininkhani amatalikirana ndi mneni wake. Mwana amalemba kuti “Gulu la anyamata omwe adapita kukawedza kudambo adabwerako usiku,” kapena “Mtengo wa zinthu m'misika yambiri zakwera.” Pofika pamneni amakhala ataiwala dzina lomwe adayamba nalo, ndiye amangogwira lomwe lili pafupi. Ndimamuuza kuti aphimbe ndi chala mawu onse a pakati, awerenge dzina loyamba ndi mneni yekha. “Gulu adabwerako.” “Mtengo zakwera.” Amadzimva yekha n'kukonza: lidabwerako, wakwera. Palinso malo ena omwe ngakhale akuluakulu amadodoma, monga pomwe mayina a magulu osiyana alumikizidwa. Khasu ndi nkhwangwa zatayika, pamenepo palibe mlandu. Nanga mwana ndi galu? Abwera, kapena zabwera? Ndimawasiya atsutsane pang'ono, kenako ndimawaonetsa zomwe mlembi wochenjera amachita, kuchimanganso chiganizocho: mwana wabwera ndi galu.

Phunziro lomwe ndimalikonda kuposa onse ndi la msintho wa aneni. Timatenga mneni mmodzi, monga tseka, n'kuyamba kumutembenuza: tsekera, tseketsa, tsekedwa, tsekeka, tsekula. Kenako phika: phikira, phikitsa, phikidwa. Posachedwa wina amafunsa chifukwa chake timati tsekera koma phikira, gonera koma dulira. Sindiyankha. Timadzaza bolodi ndi aneni m'mizere iwiri mpaka wina aone kuti tsinde likakhala ndi e kapena o msintho umatenga e, likakhala ndi a, i kapena u umatenga i. Lamulo lomwe mwana walitulukira yekha saliiwala msanga. Koma phindu la phunziroli pa kalembedwe lili patsogolo. Ndimawafunsa kuti akaswa mbale kunyumba amakawauza chiyani amayi awo. Onse amayankha pamodzi kuti “Mbale yasweka.” Palibe amene amati “Ndaswa mbale.” Ndiye kuti mwana aliyense amadziwa kale kusankha msintho wobisa wochita. Kuchokera pamenepo timayang'ana ziganizo monga “Ndalama za komiti zidasowa” ndi “Msungichuma adatenga ndalama za komiti,” n'kukambirana kuti wolemba choyambacho akuteteza yani. Galamala ikafika pamenepa ana amasiya kuyasamula.

Sindikunena kuti mayina a zinthuzi ndi opanda ntchito. MANEB imafunsa mfotokozi, muonjezi, mperekezi, mlumikizi, mlowam'malo, kapandamneni ndi nthambi za chiganizo, ndipo mwana wosawadziwa amataya malikisi aulere. Ndimawaphunzitsa onse, ndipo timawabwereza mpaka alowe. Kungoti munthu akhoza kutchula sipoko, tcheni, handulo ndi pedulo koma osatha kupalasa njinga, ndipo ana otere ndakumana nawo ambiri: gawo la malamulo a chiyankhulo akhoza bwino, chimangirizo chawo osamveka mutu wake. N'chifukwa chake dzina lililonse latsopano ndimafuna aligwiritse ntchito tsiku lomwelo. Tikamaphunzira alumikizi ndimalemba tiziganizo titatu: Mvula idagwa. Mtsinje udadzaza. Ana sadapite kusukulu. Aliyense atilumikize kukhala chiganizo chimodzi. Wina amalemba kuti “Mvula itagwa, mtsinje udadzaza moti ana sadapite kusukulu.” Wina amayambira kumapeto ndi “chifukwa.” Ndikawakakamiza kuyamba ndi “ngakhale,” amazindikira kuti sizingatheke popanda kusintha nkhani, kuti anawo apite ndithu. Mlumikizi ndi amene amanyamula ganizo la wolemba, ndipo mwana yemwe ali ndi “ndiye” yekha m'thumba amavutika kufotokoza chifukwa cha chinthu chilichonse.

Za kalembedwe ka mawu ndimazitenga pang'onopang'ono, mphindi zochepa kumayambiriro kwa piriyodi, nthawi zina ndi lembetso lalifupi. Lamulo la l ndi r ndi losavuta kulinena: r amabwera pambuyo pa i ndi e, monga mu mbiri ndi bwera, pomwe l amakhala poyambirira pa mawu ndi pambuyo pa a, o ndi u, monga mu lero, mbale ndi galu. Kulitsata ndiye nkhani ina, chifukwa m'kamwa mwa ana ambiri maliwu awiriwa sasiyana. Timalimbananso ndi h wa mu nkhani ndi mphasa, yemwe amakonda kusowa, ndi kuphatikiza kapena kulekanitsa mawu: kumudzi ndi mawu amodzi, ku Zomba ndi awiri. Pali kenanso kakang'ono komwe ana amakondwa akakazindikira, kakuti timati wokongola ndi chozizira koma chakudya ndi chakumwa, chifukwa aneni afupiafupi monga dya ndi mwa salola kufupikitsako.

Chaka chilichonse pamapezeka mwana wobwera ndi funso lakuti bwanji Buku Lopatulika la agogo ake limalemba c yekha pomwe ife timalemba ch. Funso limeneli ndimalilandira ndi manja awiri, chifukwa limandipatsa mpata wowauza kuti kalembedwe ndi pangano la anthu. Baibulo limenelo lidatuluka mu 1922, chiyankhulochi chikutchedwa Chinyanja. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagwirizana kuti chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha dziko lonse. Mu 1972 kudakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, lomwe lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Kuchokera mu 1996 ntchitoyo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Anzathu a ku Zambia mpaka lero amalemba c yekha uja, ndipo sakulakwitsa, akutsata pangano lawo. Chimodzimodzi nkhani ya “adapita” ndi “anapita.” Kamuzu Banda, yemwe ali wophunzira ku Chicago adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa yomwe idatuluka mu 1937, adali ndi maganizo ake olimba pa chiyankhulochi, ndipo m'nthawi yake -da- ndiye ankatengedwa ngati Chichewa cha m'buku. Ana anga ambiri kwawo amati -na-. Ena kunyumba amayankhula Chiyao, Chilomwe kapena Chisena. Sindiuza mwana kuti mayankhulidwe a amayi ake ndi olakwika. Ndimamuuza kuti posimba zakale asankhe njira imodzi n'kuitsata kuyambira pamwamba mpaka pansi, komanso kuti adziwe zomwe wochonga mayeso amayembekezera.

Anzanga ena amadandaula kwambiri ndi kalembedwe ka pafoni, kodula malembo ka pa WhatsApp ndi Facebook. Ine sikandisowetsa tulo. Mwana wolemberana ndi anzake tsiku lililonse sachita mantha ndi kulemba, ndipo kumuphunzitsa kuti kope lili ndi malamulo ena sikutenga teremu. Amene amandidetsa nkhawa ndi uja wongoyang'ana pepala mphindi khumi osalembapo kanthu.

Chimangirizo ndiye chimake cha ntchito yonse, ndipo mdani wake wamkulu ndi kuloweza. Ana amapatsirana ziyambi ngati cholowa. Nkhani iliyonse imayamba m'mawa kutacha mbalame zikuimba, ndipo yochititsa mantha imatha ndi kudzidzimuka, kani adali maloto. Ena amathira miyambi itatu m'ndime yoyamba, kuona maso a nkhono n'kudekha ali pa mutu wa malungo. Mwambi ndimalola umodzi, ndipo ubwere mfundo itaoneka kale. Maloto ndidawaletseratu. Mankhwala a kuloweza ndi funso lakuti “chiyani?” Mwana akalemba kuti kumsika kudali zinthu zambiri zosiyanasiyana, ndimaima pambali pake n'kumufunsa kuti, “Iwe, zinthu zanji?” Amayamba kutchula: usipa, bonya, tomato wounjika timilu, kaunjika, zitumbuwa. “Nanga wa kaunjikayo ankaitanira bwanji?” Amamuyerekeza mawu ake, anzake n'kuseka. “Lemba zimenezo.” Nthawi zambiri amadabwa kuti zoterezi n'zololedwa m'kope. Adakula akuganiza kuti kulemba ndi kunena zinthu zapamwamba zomwe sadazionepo. Mvekero nawo umatsitsimutsa nkhani, kunja kuli zii, munthu atagwa khu, bola usachuluke mpaka tsamba kumveka ngati sewero la pawailesi.

Ndime ndimaiphunzitsa ndi lumo. Ndimakopera ndime yabwino papepala, kuidula chiganizo chilichonse pachokha, n'kupatsa gulu la ana kuti aisanjenso. Mkangano wawo wa choyamba ndi chotsatira umaphunzitsa kuposa manotsi anga. Chifupikitso nacho chili ndi njira yake: ndimauza mwana kuti watsala ndi mayunitsi a mphindi imodzi, ndipo ayenera kuuza achimwene ake a ku Johannesburg zomwe zili m'nkhani yomwe tawerengayo. Zitsanzo ndi zokometsera zimagwa zokha. Pa kalata yantchito, keyala ziwiri, tsiku, malonje ndi mutu amazigwira msanga. Chovuta ndi kuwaletsa kufunsa bwana wa kuofesi za moyo wake ndi wa banja lonse. Sindiwakalipira, chifukwa kwathu kuno kungoyamba nkhani osapereka moni ndi mwano. Ndimangowafotokozera kuti wowerengayo ali ndi mulu wa makalata patebulo, ndipo ulemu womwe akufuna ndi wakuti chiganizo choyamba chimuuze chomwe mwadzera.

Tsono kuchonga. Kalasi ya ana oposa 80 si yachilendo pasukulu ngati yathu, ndipo mphunzitsi wa chiyankhulo amakhala ndi makalasi angapo. Wofuna kukonza cholakwa chilichonse m'kope lililonse amathera popereka chimangirizo chimodzi pateremu, ndipo ana saphunzira kulemba polemba kamodzi. Komanso tsamba lofiira paliponse mwana saliwerenga. Amangoyang'ana malikisi pansi, kutseka kope, basi. Ine ndimalengezeratu kuti ulendo uno ndikuyang'ana zinthu ziwiri zokha, mwina mipumiro ndi agwirizanitsi. Ndikapeza cholakwa sindichikonza. Ndimangoika chizindikiro m'mphepete mwa mzerewo, mwini wake achisake. Makope akabwerera timapatula piriyodi yathunthu yolembanso, ndipo malikisi amapita pa cholembedwa kachiwiricho. Sabata iliyonse ndimasankha mzere umodzi wa madesiki womwe makope ake ndimawerenga mozama n'kulembamo ndemanga ya zomwe zanenedwa, kuti mwana aliyense pateremu amveko kuti nkhani yake idafika kwa munthu. Otsalawo amasinthana makope n'kuwerengerana.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Kholo lina lidabwera ndi kope la mwana wake litapinda tsamba. “Aphunzitsi, apa walakwitsa, apanso walakwitsa, inu simudaone?” Ndidati, “Ndidaona, bambo. Tatsekulani tsamba la mwezi watha.” Tidayerekeza masamba awiriwo, loyamba lopanda mpumiro ndi umodzi womwe, lachiwiri lili ndi ziganizo zoima bwino koma l ndi r akadasokonekera. Ndidawauza kuti zimenezo n'za mwezi wamawa. Adapita osakhutira kwenikweni, ndipo sindiwaimba mlandu. Iwo adaphunzira nthawi yomwe inki yofiira yochuluka inkasonyeza kuti mphunzitsi akugwira ntchito.

Ku Chingerezi njira ndi yomweyi, kungoti khutu loti ulidalire limakhala lisanakhwime, ndiye uyenera kulimanga ndi kuwerenga mokweza tsiku ndi tsiku. Ana amachiopa ndi kuchilemekeza kuposa Chichewa, ndipo ali ndi chifukwa: satifiketi ya MSCE imafuna kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili m'gulu, ndipo ukachilephera zinazo sizikupulumutsa. Zolakwa zawo zambiri zili ndi gwero lodziwika. Amasokoneza he ndi she chifukwa “iye” wathu sasankha mwamuna kapena mkazi. Amaiwala a ndi the chifukwa ife tilibe timawu totere. Mwana akaona pabolodi pomwe ziyankhulo ziwirizi zasiyanira, amasiya kudziona ngati mbuli n'kuyamba kusamala pamalo pomwepo. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chilango chopatsa mwana chifukwa wayankhula chiyankhulo cha kwawo pasukulu. Pokonzekera chimangirizo cha Chingerezi ndimalola magulu kukambirana mfundo m'Chichewa, kulemba kokha ndiko kwa Chingerezi. Yemwe sangasanje mfundo zitatu m'chiyankhulo chomwe amalota nacho sangazisanje m'chachilendo, ndipo mawu akuluakulu oloweza m'dikishonale sabisa zimenezo.

Zonsezi zimayenda bwino mwa mwana wowerenga, koma mabuku ndi ochepa. Buku limodzi la Nthondo, lomwe Samuel Josia Nthara adatulutsa mu 1933, limazungulira ana angapo mpaka chikuto kuthothoka. Ndimadula nkhani za m'nyuzipepala zakale, za Chichewa ndi za Chingerezi zomwe, n'kuzimata pa makatoni kuti zizizungulira m'kalasi. Nthawi zina ndimawatuma kukakopera zolembedwa pa zikwangwani za magolosale ndi masaluni a pamsika, n'kubwera nazo kuti tizikonze. Akazindikira kuti akhoza kupeza cholakwa cha munthu wamkulu, amayamba kuyang'ana mawu ndi diso lina.

Pofika Fomu 4 teremu yachitatu, nkhani imakhala ya wotchi. Timalemba ndi nthawi yoyeza, monga momwe zidzakhalire pa mayeso a MANEB: mphindi zochepa zosanja mfundo m'mphepete, kulemba, ndi mphindi zisanu zomalizira zowerenganso milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Nthawi imeneyi mwana aliyense amakhala ali ndi mndandanda wake kuchikuto chakumapeto kwa kope, wa zolakwa zitatu zomwe zakhala zikumutsata kuyambira Fomu 1. Wina ndi l ndi r, mneni wotayana ndi mwininkhani, ndi ndime zosatha. Wina ndi he ndi she, mitengero yosatsekedwa, ndi kusakaniza -da- ndi -na-. Powerenganso safufuza china chilichonse koma zitatu zakezo. M'chipinda cha mayeso kope sililowa, choncho masabata omalizawo ndimaima pakhomo la kalasi, ndipo aliyense amanditchulira zitatu zake asanadutse.